Dzuwa la Okutobala Lisakudyereni Ndalama: Malangizo kwa Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje

Chaka ndi chaka nkhani imakhala yomweyo kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka. Seputembala akamatha nkhuku zimayamba kufa m'makola, tomato amayoyoka maluwa, ndime ya ganyu yomwe inkatha 10 koloko imafika masana isanathe, ndipo mwana kapena agogo amakathera kuchipatala pa diripi. Zonsezi ndi ndalama. Zimangotuluka pang'onopang'ono, n'chifukwa chake palibe amaziwerengera. Timangoti "kwathu kuno n'kotentha kale" n'kupitiriza.

Chigwa cha Shire chili pansi penipeni pa dziko lino. Pamene Shire amatulukira kulowa m'Mozambique ndi pamalo okwera mamita 37 okha kuchokera pa nyanja ya mchere, pomwe Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu ndi ku Nsanje kumadutsa madigiri 40, ndipo mu Okutobala 2023 a zanyengo anachenjeza kuti m'chigwa muno mufika 44. Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO linanena mu 2019 kuti kukatentha madigiri 33 mpaka 34, munthu wogwira ntchito yolemererako amangokwanitsa theka la zimene akanachita kunja kuli bwino. Kuno tsiku la 34 mu Okutobala timaliyamikira.

Dzuwa simungalizimitse, koma mabowo amene ndalama zimatulukira mungathe kuwatseka, ndipo ambiri amatsekeka ndi zinthu zotsika mtengo ngati mwayamba mu Julaye kapena Ogasiti.

Zofunika kukonzeratu

- Zigubu ziwiri za malita 20 za madzi akumwa okhaokha, ndi chigubu cha malita 5 cha aliyense wopita kumunda
- Chiguduli kapena chitenje chakale chokulungira chigubucho
- Mtsuko wa dothi wokhala ndi chivindikiro
- Mapaketi a Thanzi ORS osachepera 5, shuga, mchere ndi supuni ya tiyi
- Klorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo kapena WaterGuard
- Mphasa za bango, nsungwi, waya wofewa, misomali ndi gozi wa pawindo
- Penti yoyera ya padenga, laimu, burashi yopentera ndi burashi ya waya
- Miphika iwiri yosapaka kanthu, wina wolowa mwa unzake, ndi ndowa ya mchenga wa kumtsinje
- Udzu wouma ndi mapesi a mapira kapena chimanga
- Zomwera nkhuku zowonjezera pa zimene muli nazo
- Neti ya aliyense, kuphatikizapo ogona panja
- Kope ndi cholembera

Simufunika kugula zonse nthawi imodzi. Sitepe yoyamba ikuuzani choyambira.

1. Werengani kaye zimene munataya chilimwe chathachi

Tsegulani kope, mujambule mizere inayi: ntchito, ziweto, katundu woonongeka, chipatala. Pa ntchito lembani masiku amene munaweruka ndime isanathe kapena munagona chifukwa cha mutu, muchulukitse ndi ndalama imene mumapeza pa tsiku. Pa ziweto lembani nkhuku zakufa pa mtengo umene mukanazigulitsira, osati umene munagulira anapiye, chifukwa nkhuku ya masabata 5 yafa itadya kale chakudya chambiri chimene munagula. Pa katundu ikani tomato wobwerera kumsika, nsomba zonunkha, batire la sola lofa msanga. Pa chipatala musaiwale ya kabaza ndi masiku a wodikirira wodwala.

Mzere umene watuluka ndi ndalama yaikulu ndi umene muyambire. Wa nkhuku 100 asayambe ndi kupenta nyumba yogona khola lili la malata okhaokha.

2. Tembenuzani nthawi ya ntchito

Mu Okutobala kumayera cha m'ma 5 koloko. Ntchito yolemera, monga kugalauza, kudula nzimbe, kuumba njerwa ndi kukumba, iyambe kukangoyera ndipo ithe pofika 10 koloko. Kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko ndi nthawi ya ntchito za pamthunzi: kusola zida, kusankha mbewu, kuluka mphasa, kugona. Bwererani kumunda 4 koloko. Dziwani kuti mpweya umatentha kwambiri cha m'ma 2 ndi 3 koloko, osati pamene dzuwa lili paliwombo, choncho amene amati "ndiyambenso 1 koloko" amakalowa pa moto weniweni.

Ngati ntchito singaimitsidwe, pumulani pamthunzi mphindi 15 pa ola lililonse, ndipo kukapitirira madigiri 40 muwonjezere nthawi yopumayo. Kumunda kopanda mtengo imikani chisakasa cha mapesi kapena masamba a mlaza ntchito isanayambe.

Kwa olemba aganyu: pimani ndime zazing'ono mu Okutobala ndi Novembala. Waganyu wopatsidwa ndime ya mu Juni amaithamangira kuti alandire yake, samwa madzi, ndipo mawa lake sabwera.

Chenjezo: mlendo wochokera ku Thyolo, Blantyre kapena Dedza thupi lake limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere kutentha. Masiku oyamba mupatseni ntchito yochepa n'kumawonjezera. Chimodzimodzi munthu amene wangodzuka kumene ku malungo kapena kutsegula m'mimba.

3. Madzi akumwa muziwayeza, osadikira ludzu

Wogwira ntchito padzuwa amwe kapu imodzi ya mamililita 250 pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse. Ndiye kuti pafupifupi lita pa ola, ndipo ntchito ya m'mawa umodzi imafuna chigubu chonse cha malita 5. Osagugudiza malita awiri nthawi imodzi poweruka. Thupi silisunga madzi otero, ndipo madzi ochuluka opanda mchere amafoola.

Kulungani chigubu ndi chiguduli chonyowa, muchipachike pamthunzi podutsa mphepo. Madzi a pa chiguduli akamauma amachotsa kutentha kwa m'kati. Mtsuko wa dothi umaziziritsa madzi m'njira yomweyo, bola ukhale pamthunzi ndipo usapakidwe penti kapena simenti kunja.

Thukuta limatuluka ndi mchere. Amene wagwira ntchito maola angapo adye chakudya chokhala ndi mchere, ndipo minofu ikayamba kukokana amwe Thanzi: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, osachepetsa madzi kuti "igwire msanga". Ngati palibe, sungunulani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi. Zotsala zitayidwe pakatha maola 24. Thobwa, mahewu ndi madzi a malambe kapena bwemba amathandizanso.

Chizindikiro chosanama ndi mkodzo. Ukakhala wochepa komanso wakuda ngati tiyi, madzi achepa m'thupi. Izi zikamachitika tsiku ndi tsiku impso zimaonongeka mwakachetechete. Ku Nicaragua ndi El Salvador odula nzimbe ambiri adwala impso, ndipo kugwira ntchito pa kutentha madzi ali ochepa m'thupi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuza amaloza.

Mijigo ina m'chigwa muno imatulutsa madzi a mchere, ndipo anthu amathawira ku mtsinje kapena zitsime zosatetezedwa. Madzi amenewo athiridwe klorini n'kudikira mphindi 30 musanamwe.

4. Konzani denga, chifukwa ndi limene limawotcha nyumba

Malata a padzuwa amatentha kupitirira madigiri 60, ndipo kutenthako kumatsikira pa anthu okhala pansi pake. Makoma a njerwa nawo amamwa kutentha tsiku lonse n'kumakutulutsa usiku. N'chifukwa chake 9 koloko usiku panja pamakhala pabwino koma m'nyumba muli ng'anjo. Wosagona bwino sadzuka 4 koloko, ndiye sitepe yachiwiri ija imafera pomwepa.

Yambani ndi siling'i ya mphasa, poti ndi yotsika mtengo. Mangani nsungwi mopingasa chipinda, zotalikirana pafupifupi theka la mita, muyale mphasa pamwamba pake n'kumanga ndi waya. Pakati pa mphasa ndi malata pakhale mpata wosachepera masentimita 20. Mphasa yogunda malata ntchito yake imachepa kwambiri. Kenako boolani potulukira mpweya pamwamba pa makoma awiri a m'mbali, pansi pa nsonga ya denga, kuti mpweya wotentha wa mumpatamo uzituluka. Mabowowo mutseke ndi gozi. Apa ambiri amalakwitsa mbali ziwiri: ena amasiya mipata ya pansi pa denga yosatseka, udzudzu n'kumalowa; ena amamata paliponse ndi dothi, nyumba n'kusanduka uvuni. Gozi amathetsa zonse ziwiri.

Samalani ndi moto. Waya wa magetsi kapena wa sola asagone pa mphasa wopanda paipi yake, ndipo m'chipinda chophikira musaikemo siling'i ya bango.

Ndalama ikapezeka, pentani denga loyera. Mumzinda wa Ahmedabad ku India, kumene njirayi yafala, m'nyumba mumatsika ndi madigiri 2 mpaka 5. Zimamveka zochepa, koma ndi kusiyana kwa kugona ndi kuchezera usiku wonse. Tsukani malata achoke fumbi, palani dzimbiri ndi burashi ya waya, pakani penti yoyambira pamene panali dzimbiri, kenako yoyera kawiri. Lita imodzi imakuta pafupifupi masikweya mita 8 mpaka 10 ulendo umodzi, koma werengani pa chitini, ndipo kumbukirani kuti mapindi a malata amadya penti yochulukirapo. Pentani m'mawa mame atauma malata asanatenthe. Pa malata otentha penti imauma isanagwire n'kudzasupuka. Poyenda padenga pondani mumzere wa misomali. Chaka chilichonse mu Ogasiti tsukani dengalo, chifukwa loyera lokutidwa ndi fumbi limayambanso kutentha.

Laimu musungire makoma, makamaka la kumadzulo limene limalandira dzuwa la masana. Padenga amakokoloka ndi mvula yoyamba.

Ena amayala udzu pamwamba pa malata. Zimagwiradi ntchito, koma udzuwo uchoke mvula isanayambe, apo ayi usunga chinyezi n'kudyetsa malata dzimbiri. Nyumba yoyandikana ndi khitchini kapena tchire lotenthedwa kawirikawiri isayese n'komwe.

Masana tsekani mawindo a mbali ya dzuwa ndi nsalu kapena mkeka wopachika kunja, dzuwa likalowa mutsegule mbali zonse kuti mphepo idutse. Mthunzi wokhalitsa ndi mtengo: nimu kapena mango kumadzulo kwa nyumba, mamita 5 kapena kuposerapo kuchokera pa khoma, wodzala mu Disembala mvula itakhazikika. Utchingireni ndi minga kapena njerwa. Mbuzi za kuno sizisiya mbande.

5. Pangani choziziritsira cha miphika iwiri

Matani kabowo kalikonse ka pansi pa mphika waukulu. Thirani mchenga pansi masentimita 3 mpaka 5, ikani mphika waung'ono pakati, milomo yawo ifanane kutalika, kenako dzazani mchenga mumpata wozungulira. Thirani madzi pa mchengawo pang'onopang'ono mpaka unyowe wonse koma osayandamitsa mphika wa m'kati. Vindikirani ndi chiguduli chonyowa. Ikani pamthunzi podutsa mphepo, pa njerwa zitatu kuti mpweya uzidutsanso pansi. Onjezani madzi m'mawa ndi madzulo.

Tomato, therere, mabiringanya ndi masamba zimakhalamo masiku angapo osafota, zomwe zimapatsa wogulitsa mpata wokana mtengo wotaya wa madzulo. Choziziritsirachi chimagwira bwino mu Seputembala ndi Okutobala mpweya uli wouma. Mvula ikayamba, chinyezi n'kuchuluka, mphamvu yake imachepa. Si furiji: nyama, nsomba zaziwisi ndi mkaka musasungemo. Anyezi nayenso ayi, amafuna pouma.

6. Ziweto

Nkhuku ndi zimene zimataya ndalama mofulumira, choncho tikhalitsepo. Nkhuku ilibe thukuta. Imadziziziritsa pochita wefuwefu kukamwa kuli yasa ndi kutambasula mapiko. Mukaona khola lonse likutero 11 koloko, dziwani kuti pofika 3 koloko muyamba kutola zakufa, ndipo zimayamba ndi zonenepa kwambiri.

Yambani ndi kalendala. Nkhuku za nyama zimafooka ndi kutentha kuyambira sabata yachinayi. Anapiye ogula pakati pa Seputembala amafika msinkhu umenewu pakati pa Okutobala. Gulani msanga kuti mugulitse Seputembala asanathe, kapena chepetsani chiwerengero: nkhuku zazikulu zisapitirire 8 pa sikweya mita, kucheperapo n'kwabwino.

Khola likhale ndi makoma aafupi ndi waya mbali zazitali, denga lalitali lofoleredwa ndi udzu kapena la malata okutidwa ndi udzu. Ngati mukumanga latsopano, utali wake uloze kum'mawa ndi kumadzulo kuti dzuwa lisalowe m'mbali. Utuchi upepuke, masentimita 5 akwana, chifukwa wochindikala umasunga kutentha.

Pa masiku otentha kwambiri chotsani chakudya kwa nkhuku zazikulu za nyama cha m'ma 9 koloko m'mawa, mubwezeretse 4 kapena 5 koloko madzulo. Kugaya chakudya kumatenthetsa thupi, ndipo nkhuku yodya 10 koloko imafika pa chimake cha kutenthako nthawi imodzi ndi dzuwa. Madzi okha asachoke ngakhale mphindi imodzi. Nkhuku 100 zoikira zimene zimamwa malita 20 mpaka 25 nyengo yabwino zimatha kumwa 40 kapena kuposa. Wonjezerani zomwera, musinthe madzi masana ndi ochokera mumtsuko. Madzi ofunda nkhuku zimangowayang'ana. Imene yagona chammbali iviikeni thupi m'ndowa ya madzi ozizirira, mutu uli kunja, n'kuiika pamthunzi.

Mazira a zikamba zopyapyala m'nyengoyi amabwera chifukwa cha wefuwefu yemweyo. Tolerani mazira katatu pa tsiku ndipo musaunjike a sabata yonse.

Chitopa chimakondanso miyezi yomweyi, ndipo anthu amachisokoneza ndi imfa za kutentha. Katemera wa I-2, wodontheza m'diso, aperekedwe miyezi 4 iliyonse, ndipo ulendo umodzi ugwe chilimwe chisanafike pachimake. Temerani m'mawa pamthunzi. Ponyamula botolo likulungeni ndi kansalu konyowa mudengu lolowa mphepo, osati m'thumba la thalauza.

Ng'ombe zituluke kukangocha, zibwerere pamthunzi cha m'ma 10 koloko, zikadyenso 3 koloko ikadutsa. Yaikulu imafuna malita 40 kapena kuposa pa tsiku lotentha, yoyamwitsa kuposa pamenepo, ndipo imwe kawiri. Za ngolo zigwire ntchito mbandakucha basi. Mtengo wa msangu ndi chuma pa khola: umakhala ndi masamba m'chilimwe pamene mitengo ina yayoyola, ndipo nyemba zake ziweto zimadya. Mapesi a mapira asatenthedwe, aikidwe pa thandala kuti adzathandize mu Okutobala ndi Novembala msipu utatha. Ngati mukudziwa kuti mudzagulitsa ng'ombe kuti mupeze fizi kapena feteleza, gulitsani mu Julaye kapena Ogasiti idakali ndi mnofu. Ya mu Novembala, nthiti zili pamtunda, wogula ndi amene amatchula mtengo.

Nkhumba nazo sizituluka thukuta lokwanira. Zipatseni mthunzi ndi pothira madzi poti zizigonapo. Mbuzi zimapirira, koma yomangidwa pa chingwe pamtetete singadzithandize.

7. Kudimba ndi kumunda

Mungu wa chimanga umafa kukatentha kupitirira madigiri 35, makamaka nthaka ikauma. Zotsatira zake ndi chisononkho chokhala ndi njere apa ndi apo ngakhale phesi lili lobiriwira bwino. Chimanga chocha msanga chimamasula ngaiyaye pafupifupi miyezi iwiri chidzalidwireni, ndiye werengani chobwerera m'mbuyo: chodzala mu Ogasiti chimamasula mu Okutobala. Dzalani madzi akangophwa m'madimba, ndipo yesetsani kuti ngaiyaye zituluke Seputembala asanafike pakati. Ngati mwachedwa kale, madzi anu ambiri muwasungire masabata a ngaiyaye ndi ndevu.

Tomato nayenso amataya maluwa usana ukadutsa madigiri 32 mpaka 35 usiku n'kukhalanso wofunda. Apa mankhwala sathandiza, musataye ndalama kupopera. Kabichi ndi repu amavutika ndipo nsabwe zimachuluka. M'miyezi iwiriyi malo aakulu apatseni therere, khobwe, bonongwe, mbatata ndi mavwende.

Phimbirani nthaka ndi udzu kapena mapesi masentimita 5 mpaka 10, musiye kampata kuzungulira tsinde chifukwa cha chiswe. Thirirani madzulo kapena mbandakucha, madzi okwanira kulowa pansi. Kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse kumasiya mizu pamwamba, ndipo m'madera a nthaka ya mchere kumakokera mcherewo pamtunda. Mudzaona zoyera pamwamba pa mabedi. Yureya akwiriridwe m'nthaka yonyowa, chifukwa womwaza pamtunda wotentha amauluka. Nazale ikhale ndi kadenga ka udzu wopyapyala kotalika mita imodzi, ndipo wokerani mbande 4 koloko ikadutsa. Kololani m'mawa, zokolola zipite pamthunzi pomwepo.

Mvula ya chizimalupsa isakunamizeni. Imanyowetsa pamwamba pokha, mbewu imamera, kenako dzuwa la Novembala limaiwotcha, n'kugulanso mbewu kachiwiri. Kumbani ndi khasu: ngati chinyezi sichinalowe masentimita 15 kapena kuposa, dikirani, ndipo mverani zimene a zanyengo akulengeza pa wailesi. Kumunda wa kumtunda mapira, mchewere ndi chitowe amapirira kuposa chimanga.

8. Za pamalonda

Makakana ndi milamba yogwidwa usiku ku Elephant Marsh itumbulidwe ndi kutsukidwa msanga. Imene simugulitsa pofika 9 koloko iwambeni kapena ithireni mchere tsiku lomwelo. Furiji ya mu golosale italikire khoma masentimita 10, isakhale poomba dzuwa, ndipo mawaya a kumbuyo kwake azipukutidwa fumbi. Ikani mabotolo a madzi oundana m'kati kuti azigwirizira magetsi akazima. Batire la sola limatha msanga likamakhala potentha: moyo wake umatsika ndi theka pa madigiri pafupifupi 10 aliwonse opitirira 25, choncho likhale pansi, m'chipinda chozizirirapo, osati pafupi ndi malata. Panelo ya sola ikhale ndi mpata pansi pake. Akabaza a njinga zopalasa atenge maulendo ataliatali m'mawa ndi madzulo.

Mankhwala a ma ARV, a BP ndi a shuga, komanso mbewu yodzala, zisasungidwe m'mphepete mwa denga kapena pawindo.

9. Munthu akagwa ndi dzuwa

Pali magawo awiri, ndipo kuwasiyanitsa kumapulumutsa moyo.

Loyamba: thukuta lambiri, mutu, chizungulire, nseru, kukokana kwa minofu, koma akuyankhula zomveka. Mugonekeni pamthunzi, kwezani miyendo, masulani zovala, mupatseni Thanzi pang'onopang'ono, mupukuteni ndi nsalu yonyowa. Pakatha mphindi 30 osasintha, pitani naye kuchipatala. Tsikulo asabwererenso kuntchito.

Lachiwiri: akubwebweta, sakuzindikira anthu, akuyenda dzandidzandi, akuphupha kapena wakomoka, thupi lili moto. Khungu likhoza kukhala louma kapena la thukuta, musadalire zimenezo. Uyu akhoza kufa kapena kuonongeka ubongo ndi impso. Yambani kumuziziritsa pomwepo wina akuthamangira thiransipoti. Muvuleni zovala zakunja, mukhuthulireni madzi thupi lonse, ndowa ndi ndowa, wina azimukupiza ndi lichero. Ikani zitenje zonyowa pakhosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, muzizinyowetsanso zikafunda. Wosazindikira asamwetsedwe kanthu, mugonekeni chammbali. Pitirizani kuthira madzi pa ulendo wonse wopita ku chipatala chapafupi, kaya ndi cha boma ku Chikwawa, Ngabu kapena Nsanje, cha Montfort ku Nchalo, Kalemba ku Bangula kapena Trinity ku Muona. Kumeneko akamuyezanso malungo, chifukwa zizindikiro zake zimafanana.

Oyenera kuwazonda kawiri pa tsiku m'masiku a chenjezo ndi agogo okhala okha, amayi oyembekezera, makanda ndi odwala BP, mtima kapena shuga. Okalamba samva ludzu msanga. Aikireni kapu pafupi n'kuwakumbutsa. Amene amamwa mankhwala okodzetsa asasiye okha, akafunse kuchipatala.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa chaka ndi chaka

Kumwetsa madzi khanda losakwana miyezi 6. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira ngakhale mu Okutobala. Mwana ayamwe pafupipafupi, amwe madzi ambiri ndi mayiyo. Mwana wa kumbuyo asafunditsidwe chitenje chachiwiri kumutu pamsika. Ambulera ndi yabwino.

Kupereka Panado kwa munthu wogwa ndi dzuwa n'kumadikira kuti thupi lizizire. Kutentha kumeneku sikutsika ndi mapiritsi. Brufen ndi Indocid, amene ambiri amamwa poweruka kuti thupi lisaphwanye, amavulaza impso madzi akachepa m'thupi.

Kuthetsa ludzu ndi mowa. Kachasu ndi masese amakodzetsa, ndipo womwa usiku amayamba ntchito m'mawa ali wouma kale.

Kuyatsa fani m'chipinda chotseka masana. Mpweya ukapitirira madigiri 40 fani imangokupizira munthu moto. Nyowetsani khungu kapena malaya kaye, ndipo zitseko zikhale zotsegula.

Kugona panja popanda neti. Kugona pabwalo kulibe vuto, koma khomani mitengo inayi mumangepo neti n'kuipinda pansi pa mphasa. Malungo a munthu mmodzi amadya ndalama zoposa zonse zimene mwapulumutsa pa tomato.

Kukasamba ku Shire kapena kudambo chisisira, kapena kutumako ana ndi ng'ombe okha. Ng'ona zimadikira pa madooko ozolowereka, ndipo m'madzi odikha muli likodzo. Tungani madzi mukasambire kunyumba.

Kugwetsa mtengo wa pabwalo kuti muotchere njerwa kapena makala. Ndalama yake imatha mwezi womwewo, pamene wina kuti afike popereka mthunzi womwewo padutsa zaka.

Kupopera mankhwala a mbewu masana. Amauma asanagwire ntchito, amatha kuwaula masamba, ndipo wopoperayo amavula zodzitetezera chifukwa cha kutentha, mankhwala n'kumalowa pa khungu la thukuta. Poperani kusanafike 9 koloko m'mawa kapena 4 koloko ikadutsa, kopanda mphepo.